Mapaipi a Mzere Wofiira

M'chaka cha 1995 pa Mtondo panali makomiti ambiri kuposa zimbudzi. Panali komiti ya msika, komiti ya dooko, komiti ya sukulu, ndi ina imene ntchito yake inali kuona ngati makomiti enawo akukumana. Ufulu unali utangofika kumene, ndipo aliyense ankafuna kuulawa atakhala pampando. Chovuta chinali chakuti mipando yonseyo inali ya munthu mmodzi, a Lawson Gwaza, amene kale ankagulitsa makadi a chipani pakhomo la msika, ndipo tsopano ankafotokoza bwino kwambiri kuipa kwa makadiwo. Bungwe lina la kunja litapereka pampu, thanki ndi mapaipi kuti anthu asiye kutunga m'nyanja momwe amachapiramo, panabadwa komiti ya madzi. Sipanafunike kuvota.

Ine ndine Binwell Kachingwe wa ku Dedza, pulambala wa boma, Giredi Wani. Satifiketi yanga inali pabalaza, pamwamba pa chithunzi cha ukwati. Mayi a kunyumba, a Dailes, ananenapo za kasanjidwe kameneka kamodzi kokha, kenako anazolowera. Nthawi imeneyo ndinali nditatsala ndi zaka zinayi kuti ndipume, ndipo pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu palibe paipi imene ndinaisayinira imene inadonthapo. Zimenezi ndinkazinena pamaliro, pa ukwati ndi mu minibasi. Ndinalibe galimoto, ndinalibe ng'ombe. Ndinali ndi dzinalo basi, ndipo ndinkafuna kupita nalo kwathu lili lathunthu.

Ntchitoyo sinali yovuta. Pampu inali kumunsi, pa chitsime cha pafupi ndi nyanja. Thanki inali pamwamba pa kaphiri. Pakati pake paipi inkayenera kudutsa pansi pa msewu umene malole a mpunga ochokera ku Lifuwu amadutsamo atasenza mpaka kumwamba. Mapaipi atafika ndinapempha kuti komiti ikumane m'kalasi ya sitandade seveni, kuti ndiiphunzitse. Palibe anandipempha. Ndinangoona kuti si bwino anthu kukhala mumdima pamene ine ndilipo.

Ndinadula timphete titatu ndi sowo, kamodzi pa mtundu uliwonse wa paipi, n'kutiika patebulo la aphunzitsi.

"Tayang'anani kunja kwake," ndinatero. "Tonse ndi tofanana. Mainchesi awiri, awiri, awiri. Soketi imodzi imalowa pa tonse. Munthu wodutsa pamsewu sangasiyanitse. Tsopano yang'anani pamene ndadulapa."

Timphete tinayenda m'manja. Amayi a msungichuma anasuzumira m'kamodzi ngati akufuna kuona Likoma.

Ndinawafotokozera kuti kusiyana kuli pa kuchindikala kwa chitsulo. Paipi ikachindikala sikula kunja, ndi bowo la m'kati limene limachepa. M'mabuku ena mainjiniya amalemba manambala, ati sikejulu, ndipo nambala ikakwera chitsulo chimachindikala. Ife tinkayendera mzere wa penti umene a ku fakitale amapaka kumapeto kwa paipi. Wachikasu, yopyapyala. Wabuluu, yapakati. Wofiira, yochindikala. Kenako ndinafika pamene ndimapakonda. Ndinati kuti mapaipi awiri alumikizane timadula mazinga kumapeto kwake, timizere tija timalowa mu soketi, ndipo mazinga amadya chitsulo mofanana, kaya paipi ndi yotani. Pa yofiira chimatsala chambiri. Pa yachikasu theka limapita. Ndiye kumunsi, kumene madzi a paphiri lonse amatsamira ndipo malole amapondapo, tiikako ofiira. Analipo makumi awiri ndi anayi, owerengeka ndendende. Achikasu, amene anali mulu, ndi ogawira madzi ku mipope ya m'mudzi.

A Gwaza anakweza dzanja, ngakhale anali wapampando. Tsiku limenelo anavala zachikasu kuyambira chipewa mpaka sokosi, pakuti umenewo unali mtundu wa amene anapambana.

"Ndiye mukutiuza kuti wachikasu ndi wofooka, a Kachingwe?"



"Ndikunena paipi, a Tcheya."

"Anasankha mitundu imeneyi ndani?"

"Azungu a ku fakitale. Kalekale, ine ndisanayambe ntchito."

"A Sekeletale, lembani kuti komiti yadandaula." Atatero ananyamula kamphete kofiira n'kukayesa m'manja. "Koma iyi ndiye siipindika?"

"Mukhoza kuimikapo ng'ombe."

"Zingati?"

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Ndinapita kunyumba ndili wokhutira, n'kuuza a Dailes kuti ngakhale a Gwaza lero atolapo kanthu.

Pamsonkhanowo amene ananyamula bokosi langa la zida anali Che Idi Sumaili. Anabadwira pa dooko pomwepo, ndipo tinali titagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi zinayi. Ine ndinali wa boma, iwo anali aganyu a boma, olembedwa mwezi ndi mwezi. Chaka chilichonse ndinkawalonjeza kalata yoti awalembe yokhazikika. Ndinalembadi kawiri, ndipo imodzi ndinaitumiza. Koma tinali anthu ogwirizana. Tinkadyera m'mbale imodzi. Lachisanu masana ndinkagwira ndekha kuti iwo apite ku mzikiti kukapemphera Jumaa, ndipo m'mwezi wa Ramazani ndinkakadyera chinangwa changa kuseri kwa thanki kuti ndisawavutitse mtima. Mwana wanga Agape atadwala malungo, anali Che Idi amene anamupalasa panjinga mpaka kuchipatala. Ankanditcha achimwene. Kudula mazinga ndinawaphunzitsa ndine, ndipo pofika nthawi imeneyo ankadula bwino kuposa ine, ngakhale zimenezi sindinkazinena mu minibasi.

Ndinali ndi lamulo limodzi pantchito, ndipo aliyense ankalidziwa: ngalande siikwiriridwa ndisanayendemo. Ndinkatsikamo ndekha, sipanala ili m'manja, n'kumagogoda paipi iliyonse. Yopyapyala imalira mokweza ngati beseni. Yochindikala imayankha pansipansi, mwaulesi, ngati munthu amene wakhuta. Ndikamva zonse, n'kuona mizere yonse, m'pamene ndinkalola makasu.

Lolemba la sabata imene tinkayenera kuyala gawo la kumunsi, kunabwera uthenga wakuti apongozi anga amwalira ku Chitala. Mkamwini sapita kumaliro a apongozi kukangoonekera. Amakawaza nkhuni, amakafunafuna matabwa, amakhala pomwepo mpaka achibale atametana. Tsiku lotsegulira madzi linali litakhazikitsidwa kale, Loweruka la sabata yotsatira, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene aphungu athu anali ndi mpata. Ndinaitana Che Idi.

"Yalani ofiira kuyambira pa pampu mpaka kudutsa msewu. Koma musakwirire. Ndidzayendamo ndekha Lachisanu."

"Pitani mukalire bwino, achimwene. Insha Allah mudzapeza zonse zili m'malo."

Ndinabwera Lachisanu madzulo dzuwa likadalipo, n'kupeza ngalande yokwiriridwa, msewu wosalazidwa, malole akudutsa. Che Idi anali atakhala pa khonde la nyumba ya pampu akutsuka zida.

"Nanga izi?"

"A Tcheya. Ati madalaivala akudandaula, ati msewu sungatsekedwe sabata yonse chifukwa cha maliro a ku Chitala. Anabwera ndi anthu awo ndi makasu."

"Mwaika ofiira?"

"Ofiira."

"Onse?"

"Onse makumi awiri ndi anayi. Ndamanga ndekha ndi manja awa."

Anandionetsa manjawo. Ndinasuzumira m'sitolo, ofiira munalibe. Ndikanatha kutenga khasu n'kufukula malo amodzi okha, ntchito ya theka la ola. Ndinaganizapo. Koma kufukula pamaso pa Che Idi kukanakhala kuwauza kuti ndi abodza, ndipo ine ndinali nditangochoka kumaliro, kumene munthu amabwerako akukonda anthu. Mawa lake ndinatenga fomu ya ku ofesi. Inali ndi mawu akuti ine wosayina pansipa ndaona ndi maso anga mapaipi onse asanakwiriridwe. Ndinasayina. Siginecha yanga ili ndi mchira umene ndinauyeserera zaka zambiri, ndipo tsiku limenelo unatuluka bwino.

Tsiku lotsegulira linafika. Pabwalo la sukulu panali nsanja imene sindinaonepo kukula kwake kuno kunyanja, ya denga la malata, yopakidwa penti yachikasu, yokutidwa nsalu m'mbali. Anaiwotcherera munthu wa ku Khombedza pamene ine ndinali ku Chitala. Ndinali nditaiona patali m'kati mwa sabata, koma nsanja si gawo langa. Pamwamba pake panakhala aphungu, akazi awo, a Gwaza, makomiti onse asanu, ndi anthu ena amene ntchito yawo inali kuvala majekete. Ndinawerenga anthu makumi atatu ndi mmodzi. Ine anandipatsa mpando pansi, pafupi ndi mwendo wa kumbuyo.

A Gwaza anayamba kulankhula. Anayambira pa nthawi ya atsamunda. Atafika pa chitaganya ndinatopa, ndipo dzanja langa linachita zimene limachita likasowa ntchito. Ndinatulutsa sipanala m'thumba la jekete n'kugogoda mwendo wa nsanja.

Unayankha pansipansi.

Ndinagogodanso. Kenako ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, n'kukanda penti ndi chikhadabo pafupi ndi kumapeto. Pansi pa chikasu panatuluka mzere wofiira. Ndinakweza nsalu n'kusuzumira. Miyendo, mitanda, zogwiriziza denga, zonse. Pamwamba panga amayi a chipani anali atakwera kukavina pamaso pa aphungu, ndipo nsanjayo sinagwedezeke ngakhale pang'ono. Ndiyenera kuvomereza kuti kwa kanthawi kochepa, monga pulambala, ndinanyadira.

Ndinanyamuka n'kutsetserekera ku nyumba ya pampu. Che Idi anali atavala malaya atsopano, akudikira chizindikiro choti alize injini. Anandiyang'ana nkhope. Anasuntha pabenchi kuti ndikhale. Sindinakhale.

"Pansi pa msewu pali chiyani, Che Idi?"

"Achikasu."

"Onse?"

"Onse."

"Munandiuza kuti mwamanga ndi manja anu."

"Kumangako ndinamangadi. Mazinga ndinadula mosamala, achimwene, sindinalowetse kwambiri. Mwina apirira."

"Mwina."

Anandifotokozera mmene zinayendera, mwachifatse, ngati akunena za anthu a mudzi wina. Nsanja yoyamba anaimanga ndi achikasu, poti analipo ambiri. Lachiwiri a Gwaza ndi amayi a msungichuma anakwerapo kuti ayese, ndipo inagwada. A Gwaza anatsika atakumbatira mtanda. Atapuma anakumbukira timphete tija, n'kufunsa kuti ofiira aja ali kuti.

"Anati munaphunzitsa bwino," anatero Che Idi.

"Ndiye inu munangowapatsa kiyi?"

"Anati madzi akayamba pafunika munthu wokhazikika woyang'anira pampu. Wa penshoni. Anati komiti ndi imene idzatchule dzina."

"Ine ndikanakulemberani kalata."

"Eee. Mukanalemba." Anayang'ana malaya awo atsopanowo. "Zaka khumi ndi zinayi, achimwene. Bokosi lija ndi lolemera. Inu simulidziwa kulemera kwake."

"Mukanandiuza Lachisanu. Ndisanasayine."

"Mukanafukula msewu. Aphungu akanapeza dzenje."

"Ndi dzina langa lili pa fomu ija, Che Idi."

"Ndi lanu, eee. Langa silinalembedwepo paliponse."

Kumtunda chimkuzamawu chinalira. A Gwaza anali atafika pa chaka chino. Ankati tsopano madzi atuluka, ndipo ankapempha anthu kuti aombere m'manja katswiri wathu amene boma latsopano latipatsa. Boma lakale ndi limene linanditumiza pa Mtondo, koma sindinaone chifukwa chokonzera. Apa ndi pamene ndikanatha kukwera kumtunda, kulanda chimkuzamawu, n'kuuza aphungu chimene akhalira. Ndaganizapo kambirimbiri za mawu amene ndikananena, ndipo chaka chilichonse amakoma kuposa chaka chatha. Koma anthu anali akuomba m'manja, ndipo anali kuombera ine. Ndinakankha Che Idi pang'ono n'kuliza injiniyo ndekha. Kumtunda a Gwaza dzina langa analitchula kuti a Kachingwa.

Madzi anakwera phiri, anadzaza thanki, anatuluka pa mipope. Amayi analulutira. Aphungu anamwa theka la kapu n'kupatsa a Gwaza kuti amalize.

Mapaipi achikasu aja anapirira masabata asanu. M'masabata amenewo ndinkapita ku msewu m'mawa uliwonse kukayang'ana dothi ngati munthu amene anakwirira chinthu. Ndinalemba kalata yopita kwa injiniya wa ku boma yofotokoza zonse, n'kuiika m'Baibulo. Kuitumiza kukanakhala kudzinenera ndekha kuti ndinasayina bodza. Ndinkati ndiitumiza Lolemba. Ndi Che Idi tinkagwirabe ntchito limodzi. Ndinkati, "Sipanala," iwo n'kundipatsa sipanala. Chakudya aliyense ankadya m'mbale yake.

Sabata yachisanu ndi chimodzi dizilo anatha injini ikuyenda. Injini ikazima mwadzidzidzi madzi a m'paipi amabwerera n'kumenya kumunsi ngati nyundo. Paipi inathyokera pa mazinga, m'mphepete mwa msewu. Tinakonza. Patapita masiku anayi inathyoka ina, pakati penipeni. Imeneyo sitinaidziwe msanga, madzi anadya dothi pansi, ndipo lole ya mpunga inatitimira mpaka m'mimba. Inakhala pamenepo masiku awiri, malole ena ali pamzere kumbuyo kwake, madalaivala akutchula dzina langa molondola.

Injiniya anabwera Lachitatu. Anali a Mateyu Chikafa, munthu wa zaka za mwana wanga woyamba, wa nsapato zoyera, amene ndinamuonetsapo kagwiridwe ka sowo ali pa maphunziro. Analamula kuti ngalande ifukulidwe yonse. Mizere yachikasu inaonekera padzuwa, umodzi umodzi, kuyambira pa pampu mpaka kutsidya kwa msewu. A Chikafa anayenda m'mbali mwake manja ali kumbuyo. Sanandiyang'ane, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Tinakumana m'kalasi ya sitandade seveni. A Chikafa anakhala patebulo la aphunzitsi, fomu yanga ili patsogolo pawo. A Gwaza anakhala pambali pawo, chifukwa panalibe amene akanawauza kuti akhale pena.

"A Kachingwe, siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bwana."

"Mapaipi ofiira ali kuti?"

"Tasuzumirani pawindo."

Onse anasuzumira. Nsanja inali pomwepo, mbuzi ziwiri zili pamthunzi pake. Ndinafotokoza zonse: maliro, makasu, penti. Ndinalankhula bwino. A Gwaza anamvetsera akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva chisoni ndi mnzake.

"Bwana injiniya," anatero, "ine za mapaipi sindizidziwa. Ndine munthu wa chitukuko. Komiti inapeza mapaipi m'sitolo, inafunsa ngati ali ndi ntchito, inauzidwa kuti ndi otsala. Ndipo katswiri wathu anasayina kuti zonse zili bwino pansi. Ife tikanatsutsana ndi Giredi Wani?"

"Anakuuzani kuti ndi otsala ndani?" anafunsa a Chikafa.

"Anthu a ntchitoyo."

A Chikafa anatembenukira kumbuyo kwa kalasi, kumene Che Idi anakhala pa desiki ya ana, mawondo ali m'mwamba, kofia ili m'manja.

"Bambo Sumaili, munayala mapaipi amenewa ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Munadziwa kuti ndi opyapyala?"

Ndinawayang'ana. Sindinkafuna zambiri. Sindinkafuna kuti anene za a Gwaza, kapena za ntchito imene anawalonjeza. Ndinkangofuna anene kuti ndinawauza ofiira, ndi kuti ndinati asakwirire.

"Ine ndine waganyu, bwana," anatero Che Idi. "Sukulu ndinalekeza sitandade fo. Za mizerezi amadziwa ndi bwana Kachingwe. Ine akati nyamula ndimanyamula, akati manga ndimamanga. Paipi kwa ine ndi paipi."

Anali asananditchulepo bwana chiyambire. Ananena zimenezi ndi mawu a munthu wopusa, akukanda m'mutu, munthu amene amatha kudziwa mtundu wa paipi poinyamula ndi dzanja limodzi. Amayi a msungichuma anati, "Ayi ndithu, osauka amavutika."

A Chikafa anavula magalasi. Ndikuganiza kuti anamvetsa zonse, pakuti sanali wopusa, koma lipoti silikhala ndi malo olembapo zimene munthu wamvetsa.

"A Kachingwe, ndithandizeni. Pali njira ziwiri. Mwina munayendamo m'ngalande muja, munaona mapaipi, simunazindikire kuti ndi olakwika. Kumeneko ndi kulakwitsa. Ndilemba kuti ukalamba, maso, kutopa ndi maliro. Mulandira kalata yochenjeza, mumaliza zaka zanu zinayi pompano. Kapena simunayendemo, ndipo munasayina chinthu chimene simunachione. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ikachoka m'manja mwanga sindingaibweze. Ndilembe ziti?"

Anali kundiponyera chingwe, ndipo aliyense m'kalasimo anaona. A Gwaza anandigwedezera mutu mokoma mtima. Chimene ndinkayenera kunena chinali chakuti ine, Binwell Kachingwe, ndinayang'ana mzere wachikasu kamakumi awiri ndi kanayi n'kuuyesa wofiira. Ndinayesa kukonza mawuwo m'kamwa. Panja ana anali kusewera mpira wa mapepala, ndipo ndinamva wina akuti chinali chigoli, wina akuti sichinali.

"Sindinayendemo," ndinatero. "Ndinasayina ndisanaone."

"Chifukwa chiyani, a Kachingwe? Inu?"

"Ndinafunsa munthu, anandiyankha."

A Chikafa anadikira kuti nditchule munthuyo. Ndinaona kuti dzinalo aliyense akulidziwa, ndipo kulitchula sikukanasintha chimene chili pa fomu. Anavala magalasi n'kuyamba kulemba.

A Dailes atamva anapitiriza kusankha nyemba. Kenako anati, "Ndiye munasankha kukhala wabodza kusiyana ndi kukhala mbuli."

"Ndinanena zoona."

"Eee. Mwachedwa nazo masabata asanu ndi awiri."

Kalata inabwera patatha mwezi. Sanandichotse ntchito. Ananditsitsa giredi, n'kunditumiza ku Chitala kukathandiza wokonza mijigo, mnyamata amene ndinayenera kumamutcha bwana. Anawonjezera kuti kuyambira tsiku limenelo ndisasayinenso pepala lililonse la boma kupatula la malipiro anga. Komiti ya madzi inatchula Che Idi Sumaili kukhala woyang'anira pampu, ndipo ofesi inavomereza, poti panalibenso wina wodziwa injiniyo. Pampuyo inali isakuyenda, chifukwa bungwe lija linati silitumizanso mapaipi mpaka lione lipoti, ndipo amayi anali atabwerera kunyanja ndi ndowa zawo. Nsanja sinagwetsedwe. Komiti inati ndi chuma cha anthu.

Tsiku losamuka lole inafika m'mawa. Anthu a mpingo anabwera atatu, n'kuima pamthunzi kupereka malangizo. Tili mkati molimbana ndi kabati ya a Dailes pakhomo, ndinamva mbali inayo yapepuka. Ndinasuzumira. Anali Che Idi. Sanapereke moni, ine sindinapereke moni. Anati, "Pendeketsani kumanzere," ndinapendeketsa, kabati inatuluka. Tinanyamula bedi, matumba a chimanga, makina osokera. Iwo ankagwira kolemera, ngati kale. Anamanga katundu ndi chingwe, n'kuyesa mfundo iliyonse. A Dailes anawapatsa madzi akumwa, a m'nyanja owiritsa, ndipo anamwa onse.

Dalaivala ataliza injini, Che Idi anabwera pawindo. Ndinaganiza kuti mwina tsopano anena. Ndinali nditakonza kale yankho, lalitali bwino, la mfundo zitatu.

"Msewu wa ku Chitala uli ndi mabampu," anatero. "Kabatiyo muziyiyang'ana." Anaima pang'ono, dzanja lili pa chitseko. "Mukafika mutitumizire mawu, achimwene."

Ndinati chabwino. Papita zaka zitatu tsopano. Positi ofesi ya kuno imagwira ntchito bwinobwino, ndipo ndimadutsapo tsiku lililonse popita ku mijigo.